Masokosi oyera a 404: kuchoka ku Chelstone mpaka ku Kabulonga

Ku Chelstone, kuseri kwa nyumba ya amalume anga, kumagona Peugeot 404 pansi pa mtengo wa mango. Ana a pa komboni amaitcha "ambuya". Motoka iyi ndiyo inanyamula malemu akazi awo tsiku la ukwati, ndipo pa chithunzi chili pa khoma la m'sitingirumu matayala ake ali ndi mzera woyera, monga mwana wa sukulu amene wavala masokosi atsopano. Manje mdzukulu wao woyamba akwatiwa, ndipo mudala ananena mawu amodzi chabe: "Azakwela mwamene anakwela ambuye bake, na matayala yamene yaja."

Injini inalibe mlandu. Vuto linali pansi. Matayala anayi onse anali ong'ambika m'mbali ngati chidendene cha m'chilimwe. Tinali ndi masabata awiri.

Tinanyamuka pa Chiwiri m'mawa, ine pa stiyeringi, mudala pambali ndi chipewa chake. Giya ya 404 ili pa stiyeringi pomwepo, ndiye pa hampu iliyonse ya Great East Road ndinali kulimbana nayo ngati munthu wopalasa bwato. Pa Munali makondakitala a minibasi anayamba kuimba mluzu. Wina anatulutsa mutu pa windo: "Ba mudala, iyo ni ya ku museum!" Amalume sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Yako izafika zaka zingati?"

Ali ndi chifukwa chonyadira. Ku France 404 inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991, chifukwa misewu ya ku Africa inagwirizana nayo. Tikudutsa UNZA ndi Manda Hill, mudala anali kukumbuka nthawi imene Zambia inali kumanga ma Fiat ku Livingstone ndi kupanga matayala a Dunlop ku Ndola. Masiku ano tayala lililonse limene muona mu town ladumpha boda.

Mu town tinasiya Cairo Road ndi mabanki ake, tinalowa kuseri, ku Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road, kumene mashopu a masipeya amatsamirana ndipo ukangoima anyamata atatu afika kale pa windo kufunsa chimene ufuna. Apa phunziro loyamba ndi saizi. Pa tayala la 404 palembedwa 165 R15. Nambala 165 ndi kufupika kapena kutambalala kwa tayala m'mamilimita, R atanthauza radial, ndipo 15 ndi ukulu wa rimu m'mainchi. Mashopu ambiri adzaza ndi masaizi a Corolla, Vitz ndi Hiace. Tayala lowonda koma lalitali ngati ili ndi losowa, ndipo lokhala ndi mzera woyera ndiye umafunsa anthu n'kukuseka.

Shopu yachisanu, mnyamata anatiuza kuti tidikire. Anabwera ndi matayala anayi a salaula, onse ndi kamzera koyera kowonda, mapanga ake akali akuya. Maso a mudala anawala, dzanja linapita kale ku thumba. Ndinagwada kufuna manambala amene makanika wathu anandiphunzitsa. Pambali pa tayala pali malembo oyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Awa anali 2309: sabata ya 23, chaka cha 2009. Nditapinda mphira ndi chala, timing'alu tinatseguka.

"Boss, aya ni ya ku Japan, sanayendepo maningi," anatero mnyamata.

Mwina zoona. Koma mphira umakalamba olo tayala lili gone m'sitolo. Ngati mupeza manambala atatu chabe m'malo mwa anayi, dziwani kuti tayala linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike, ndipo malo ake ndi m'dimba, mubzalemo maluwa. Tinakangana ndi mudala pa khonde la shopu, mawilibala akutipempha njira. Ndinawafunsa kuti, "Amalume, likaphulika pa flyover mkwatibwi ali kumbuyo, muzakamba chani kuli bapongozi?" Anabweza chikwama m'thumba. Mpaka ku Kamwala sanandilankhule.

Ku Kabwata moyo ndi wina. Pa Burma Road pali Cultural Village, nyumba zozungulira za udzu zimene zinatsala pa zija atsamunda anamangira antchito akuda, ndipo lero amisiri amasema njovu ndi ng'oma m'menemo. Chapafupi, kuseri kwa mafulati, ndi kumene kuli makanika wa amalume, mdala wa imvi amene garaji yake ndi mthunzi wa mtengo ndi kompresa imodzi. Iye ndiye anatikhazika pa benchi n'kutiyalira nkhani yonse.

Kale matayala onse anali oyera, chifukwa mphira ndi wotuwa ndipo anali kuthiramo zinc oxide. Cha m'ma 1910 opanga anapeza kuti mwaye wa carbon black umalimbitsa mphira, ndiye anayamba kudetsa pamene pamaponda msewu, m'mbali n'kusiya moyera. Chimene chinayamba ngati njira yopangira chinasanduka fashoni. Ford inayamba kugulitsa motoka zake ndi matayala otere mu 1934 kwa amene afuna, m'ma 1950 mzera unakula ngati chikhatho, ndipo m'ma 1960 unawonda. Choncho pa motoka ya zaka za 404, mzera wapakati kapena wowonda ndiwo umakhala bwino. Waukulu uja ndi wa ma Cadillac a m'mafilimu.

Njira zilipo zitatu, anatero. Yoyamba ndi tayala lenileni, limene mphira woyera unaumbidwira mkati. Makampani monga Coker Tire ya ku Tennessee amawapangabe, koma kuitanitsa kunja ndi ndalama ndi nthawi, ndipo ife tinalibe zonse ziwiri. Yachiwiri ndi penti. Apa anaseka: "Iyo niya pa chithunzi chabe. Mwezi umodzi yasanduka yelo, yayamba kusuwa." Yachitatu ndi mphete za mphira woyera zotchedwa portawall, zimene zimapanidwa pakati pa rimu ndi mlomo wa tayala. Ukagula tayala latsopano lakuda la saizi yoyenera, mphete imalipatsa nkhope yakale.

Tinasankha yachitatu. Matayala atsopano tinawapeza titazungulira tsiku lina lonse, ndipo mphete anatigulira msuweni wa ku Johannesburg n'kuzikweza basi. Ndinakazilandira pa Intercity, pa Dedan Kimathi Road, pakati pa mabokosi a ma TV ndi mabelo a mabulangete, kutatsala masiku atatu.

Kuika kunatenga masana onse a pa Chinayi. Makanika anayamba ndi kupala dzimbiri pa marimu, chifukwa rimu yakale ikakhala ndi zipsera mphepo imathawa. Iwiri inali yodyeka kwambiri, ndiye anaikamo machubu. Atalowetsa tayala, asanapope, analowetsa mlomo wa mphete pansi pa rimu kuzungulira konse, akuthira madzi a sopo. Girisi ndi oyilo anakaniza, akuti zimadya mphira ndi kudetsa choyera. Anapopa pang'ono, kuima, kuwongola mphete ndi nyundo ya mphira, kupopanso. Limodzi linatuluka lopindika ngati kolala ya shati yosasita. Anatulutsa mphepo n'kuyambiranso. Kamnyamata kake katayandikira ndi chitsulo chotsegulira matayala, anakakalipira: "Iwe, samba m'manja, apa sitigwila Canter!"

Anatichenjeza zinthu ziwiri. Tayala la radial limapinda m'mbali poyenda, ndiye mphete imatha kukhuzika kapena kuthawa ngati uthamanga kwambiri kapena mphepo yachepa. Chinanso, osasakaniza radial ndi cross-ply yakale pa ekiselo imodzi, motoka imayamba kuvina. Kubalansa kunatizunguza, chifukwa wilo la 404 lili ndi manati atatu ndipo lilibe chibowo chachikulu pakati. Malo awiri anatibweza, achitatu ndiwo anali ndi chogwirira chake.

Dzuwa likupendeka tinapita kukayesa. Ku Woodlands misewu ndi yotakata, mipanda yaitali, agalu akuuwa kuseri kwa mageti. Tinadutsa pafupi ndi Woodlands Stadium, kwao kwa City of Lusaka, n'kukhotera ku Kabulonga. Jakaranda anali atayamba kugwetsa maluwa pa tala. Pa raundabauti bambo wina wa mu Land Cruiser yatsopano anatsitsa galasi n'kufunsa ngati tigulitsa. Ana a sukulu anatulutsa mafoni. Mlonda wa pa geti ina anaimirira n'kuchita saluti, mudala n'kukweza chipewa ngati nduna. Motoka imene m'mawa wa pa Chiwiri inali ya ku museum, apa inali yokhayo imene anthu anali kuyang'ana.

Koma Lusaka sakonda choyera. Pofika ku Chelstone, titasiya tala n'kulowa kamsewu ka kunyumba, fumbi lofiira linali litakhala kale pa mphete zonse. Mankhwala ake ndi sopo, madzi ndi burashi yofewa. Jik musayese, imaumitsa mphira. Ndipo poimika motoka khalani patali ndi simenti ya m'mbali mwa msewu, chifukwa kukhuza kamodzi chabe ndi chipsera cha muyaya.

Pa Chiweru, tambala asanalire kachiwiri, ndinamva madzi akuthira panja. Anali amalume, atagwada pa saka ndi beseni, suti ili pa hang'ala pa nthambi ya mango. Mkwatibwi atatuluka m'nyumba anaima, anayang'ana motoka, anayang'ana agogo ake, n'kubwerera m'nyumba. Anatuluka ndi chithunzi chija cha pa khoma, nachiika pa mpando wakutsogolo.

"Tiyeni," anatero mudala, akundipatsa makiyi. "Koma osapitilila 60."