MIBVI IWIRI YA PA LOLE YA ATSIBWENI

Abale anga a m'midzi, ambiri a inu mukwera lole popita ku msika ndi mpunga, chinangwa kapena nsomba, koma ndi owerengeka amene anayang'anapo timawochi tiwiri tokhala patsogolo pa dalaivala. Ine ndine nkhalamba ya pa Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo ndinayendetsa malole zaka zambiri. Ndifuna kukusimbirani m'mene timawochi timeneti tinandichititsira manyazi pamaso pa mudzi wonse.

M'chaka cha 1974, ndege yonyamula anthu athu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, Boma linaletsa maulendo a Wenela. Atsibweni anga anabwerako ku Joni chaka chotsatira, ndipo ndalama zao sanamwere mowa ai. Anagula lole yakale ya Bedford, ya dizilo, ya masilinda 6, nanditenga ine kuti ndikhale sipanala boyi. Nchito yanga inali kuthira madzi, kumanga katundu, ndi kuthamanga ndi mwala kukaika kunsi kwa tayala tikaima pa chitunda.

Loleyo inafika geji ya kutentha itafa kale, ndipo ya oilo panalibe, koma kanyali kofiira kokha. Atsibweni sanakakonde kanyaliko. Anati: "Mphwanga, aka ndi kamthenga ka maliro, kafika munthu atatsirizika kale." Ananena zoona, pakuti kanyali kameneka kayaka mphamvu ya oilo itatsala pang'ono kutheratu. Chotero asanagule ngakhale tenti yatsopano anagula mageji awiri, naika okha ndi manja ao.

Geji yoyamba iuza kutentha kwa madzi. Madziwo azungulira m'kati mwa injini, natenga kutentha, napita nako ku rediyeta kumene mphepo iwaziziritsa. Geji yathu inali ndi manambala a Fahrenheit. Mubvi ukaima pakati pa 180 ndi 190 zinthu ziri bwino. Pa mawerengedwe a Celsius amene ana aphunzira ku sukulu tsopano, ndiye 82 kufikira 88. Madzi awira pa 212, ndiye 100 wa Celsius.

Geji yachiwiri ndiyo isokoneza anthu ambiri. Iyo siiuza kuchuluka kwa oilo ai, imeneyo ndi nchito ya kachitsulo kobviika kaja. Iuza mphamvu imene pampu ikankhira oilo kupita ku mabeyaring'i, kuti chitsulo chisakhudzane ndi chitsulo chinzake. Oilo ali ngati uchi: m'mawa wozizira ali wolimba, akatenthedwa asungunuka. Motero pa lole yathu mubvi unali kufika pa mapaundi 60 poliza injini m'mawa, nutsikira pa 45 tikayenda mailosi angapo, ndipo tikaima pa msika injini iri kulira pang'onopang'ono unali kugona pa 15 kapena 20. Zonsezi sizinali matenda. Malole ena a ku Japan alemba manambala ang'ono, 3 kapena 4, koma 3 wao ndiye pafupi mapaundi 43 athu. Atsibweni anali kunena kuti lole iri yonse iri ndi manambala ake, ndipo dalaivala ayenera kuwadziwa monga mai adziwa thupi la mwana wake pongomkhudza pamphumi. Anatinso mibvi iwiriyi ndi mboni ziwiri, usaweruze mlandu utamva imodzi yokha. Ndinabvomera ndi mutu, koma mau a akulu akoma akagonera.

Mu Novembala 1983 atsibweni anadwala malungo, nandipatsa makiyi. Apa n'kuti ndiri ndi laisensi ya miyezi isanu yokha. Amai 7 a m'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana anali atasonkhanitsa usipa wouma woti akagulitse ku Mzuzu, ena a iwo atachita kukongola kwa asodzi kuti adzalipira pobwera. Ndisabise kanthu: mwa okwerawo munali mtsikana wina amene ndinali kumfuna, ndipo ndinamkhazika kutsogolo pamodzi ndi azakhali ake.

Tinachedwa kunyamuka chifukwa cha kupakira. Tinapitirira Tukombo, Kande ndi Chintheche dzuwa liri kukwera, ndipo pofika pa mphambano ya ku Nkhata Bay linali pamutu. Amene munayendako mudziwa kuti kuchokera pamenepo msewu ukwera ndithu, pakuti nyanja yathu iri mamita 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Dalaivala wanzeru atsitsa giya msanga kuti injini ilire mopepuka, fani ndi pampu ya madzi zizungulire mofulumira. Ine ndinaumirira giya yaikulu, ati kusunga dizilo.

Mubvi wa kutentha unachoka pa 185, nufika 200, nufika 210. Ndinauona ndithu. Koma kuima pa chitunda ndi kutsegula boneti pamaso pa mtsikanayo kunandionekera ngati kudziulula kuti ndine wophunzira. Ndinati mumtima, ndikaima pamwamba pa chitundachi. Tsono chodabwitsa chinachitika: mubvi uja unayamba kutsika wokha, 200, 190, mpaka 170. Ndinakondwera, ndinayamba ngakhale kuyimba mluzu.

Mboni yachiwiri inali kunena zina. Mubvi wa oilo unachoka pa 45 nufika pa 30, kenaka 20, injini iri kulira mwamphamvu. Azakhali aja anati: "Mwananga, kodi si kanthu kali kupserera aka?" Ine ndinati: "Iai amai, ndi mabuleki a galimoto yatidutsa ija." Sitinayende mtunda wautali. Injini inayamba kugogoda, mphamvu inatha, ndipo lole inaima yokha.

Potsegula boneti ndinapeza paipi ya mphira ya kunsi kwa rediyeta itang'ambika, madzi onse atatayikira mu msewu. Pano mvetsani bwino, chifukwa ndi msampha umene wagwira madalaivala ambiri. Geji ya kutentha iri ndi kamutu kake kobviikidwa m'madzi a mu injini, monga chala chimene mai apisa m'madzi osamba. Madzi akatha kamutuko katsala pouma, ndipo mubvi ukhoza kutsika pamene chitsulo chiri kupsa. Oilo ndiye anali kunena zoona: anatentha kopambana, nasungunuka ngati madzi, nalephera kugwira mphamvu.

Uchitsiru wanga sunathere pomwepo. Ndinamanga paipi ija ndi mphira wa chubu, ndinathamangira ku kamtsinje ndi chigubu, ndipo ndinathira madzi ozizira mu injini yotentha chotero. Ndinamva kuti thee! monga m'mene uchitira mphika wadothi wochoka pamoto ukauthira madzi. Mutu wa injini unang'aluka. Pobviika kachitsulo m'mawa mwake, oilo anaoneka ngati tiyi wamkaka.

Tinakhala pamenepo masiku 4. Malole odutsa anali odzaza, ndipo usiku wachiwiri inagwa mvula yoyamba, yamphamvu, tenti yathu iri yobooka. Usipa ukanyowa uli m'matumba suchedwa. Tsiku lachitatu fungo linali kumveka patali, ndipo amai aja anayanika umene anatha kupulumutsa pa udzu m'mbali mwa msewu, nagulitsa kwa anthu a m'midzi ya pafupi pa mtengo wotaya. Palibe mmodzi ananditukwana, ndipo chimenecho chinandiwawa koposa.

Mlandu unapita kwa a mfumu. Atsibweni anadza akali ofooka, atatsamira ndodo, ndipo sanalole kuti ine ndiyankhe. Anati: "Zikomo a mfumu. Lole ndi yanga, mwana ndi wa mlongo wanga, mlandu ndi wanga." Anagulitsa chilimira chao pamodzi ndi bwato kuti abwezere amai aja ndi kugula mutu wina wa injini ndi mabeyaring'i. Lole inakhala pa miyala miyezi 8, nkhuku ziri kuikira m'kati mwake. Ine ndinagwira nchito zaka ziwiri wopanda malipiro, ndipo sindinadandaule. Mtsikana uja anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Chintheche.

M'zaka zotsatira ndinaphunzira zimene ndikadadziwa tsiku lija. Mubvi wa kutentha ukakwera pa chitunda koma madzi alimo ndi lamba wa fani ali bwino, patukani, muisiye injini ilire pang'onopang'ono kufikira mubvi utatsika. Koma madzi akatayika, kapena mubvi wa oilo ukagwa injini iri kuthamanga, zimitsani pomwepo, ngakhale mutanyamula a mfumu. Chitsekero cha rediyeta musachitsegule chiri chotentha. Ndinaona mnzanga atasupuka nkhope ndi manja. Chitsekero chimenechi sichiri chobvundikira chabe ai, chipanikiza madzi kuti asawire msanga, ndipo cha mapaundi 7 chionjezera madigiri 11 kapena 12 a Celsius. Amene atseka rediyeta ndi chisanza kapena chitsononkho adziwe kuti kumapiri a ku Mzuzu madzi osapanikizidwa awira pa 96, osafika 100.

Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho. Amakanika ena achotsa thermostat, kachitseko kamene kaletsa madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe, nati kuno kunyanja n'kotentha kale. Koma injini ya dizilo yoyenda yozizira imwa mafuta ambiri, ifuka utsi, ndipo masilinda ake adyeka msanga. Kawirikawiri bvuto lenileni likhala rediyeta yotsekeka ndi njere za udzu ndi zinyalala za nzimbe za ku Dwangwa kunja kwake, ndi matope a madzi a mumtsinje m'kati mwake. Kutsuka rediyeta n'kotopetsa, kuchotsa kachitseko n'kosabvuta, ndicho chifukwa chake.

Mwezi wathawu ndinaima pa Dwambazi ndi matumba 6 a mpunga, kufuna kupita ku chigayo ku Dwangwa. Inafika lole yaing'ono, anyamata anapakira, ndipo pondiona imvi anandikhazika kutsogolo. Injini italira ndinayang'ana mibvi ija, yonse iwiri iri gone pansi. Ndinafunsa dalaivala, mnyamata waulemu ndithu. Anaseka nati: "Agogo, mawaya anadya makoswe chaka chatha. Ine ndimamva ndi khutu." Ndinampempha kuti anditsitsire matumba anga, ndipo okwera ena anang'ung'udza kuti nkhalamba iri kuwachedwetsa. Lole ina inafika 4 koloko madzulo. Ndinapeza chigayo atatseka, ndipo ndinagona kwa mwana wa mlongo wanga.