Ku Joni amawerengera za malasha, ku Jenda amafunsa za dizilo

Ku Mzimba ulendo wa ku Joni ndi wakale. Agogo ankapita pa Wenela kapena pa selefu, ndipo adzukulu awo lero ali m'magadeni, m'mashopu ndi pa zomangamanga kuyambira ku Johannesburg mpaka ku Cape Town. Pakati pawo pali mayi wina wa kufupi ndi Embangweni amene ntchito yake imavuta kuifotokoza pa mwambo wa maliro kapena ukwati. Amagwira ku kampani ina ya zachuma ku Sandton, ndipo banki isanabwereketse ndalama ku mgodi wa malasha kapena ku kampani ya mafuta, iye amaunika ngati kusintha kwa nyengo sikudzalepheretsa wobwerekayo kubweza.

Pa kompyuta yake pamakhala tebulo la zaka 20 kapena 30 zikubwerazo. Mzere wina ndi mtengo wa malasha, wina msonkho wa utsi, wina madzi amene makina adzafune, wina chaka chimene ngongole ikuyenera kutha. Amakweza msonkho, n'kuona ngati phindu likutsalabe. Amachotsa ogula a kunja, n'kuonanso. Ngati makina angatsekedwe ngongole isanathe, amalemba kuti chiwongoladzanja chikwere kapena banki ikane.

Ku South Africa funsoli lili ndi mano. Magetsi ambiri a Eskom amachokera ku malasha, ndipo mu 2010 World Bank inabwereketsa kampaniyi madola 3.75 biliyoni, gawo lalikulu la kumangira malo opangira magetsi a malasha a Medupi ku Lephalale. Patangotha zaka zochepa mphepo inatembenuka. Mu Malichi 2017 bungwe la Earthlife Africa linapambana mlandu ku khoti lalikulu ku Pretoria pa nkhani ya Thabametsi, malo ena opangira magetsi a malasha ku Limpopo: khoti linati boma linayenera kuunika kaye zotsatira zake pa nyengo. Mabanki a Nedbank, Standard Bank ndi FirstRand anabwerera m'mbuyo pa ngongole yake, ndipo pofika 2020 ntchitoyo inali itafa. Mu Meyi 2019 eni masheya a Standard Bank anavota kuti bankiyo iulule mfundo zake pa ngongole za malasha, ndipo mwezi wotsatira dzikolo linayamba kutolera msonkho wa R120 pa tani ya mpweya woipa. Ku msonkhano wa ku Glasgow mu 2021 mayiko olemera analonjeza madola 8.5 biliyoni othandiza South Africa kuchoka pa malasha.

Choncho ku Joni mantha a mabanki ndi lamulo, khoti ndi eni masheya. Kumudzi kuno mantha ndi ena, ndipo mayiyu amati tebulo lake silikanagwira ntchito popanda kulisintha.

Malawi ali ndi malasha ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi m'boma la Rumphi, koma magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire. Madzi atatsika mu 2017, magetsi ankathima tsiku lonse, ndipo mu 2018 dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a Aggreko opereka mamegawati 78, amene analipiridwa mpaka 2022. Mu Januwale chaka chomwecho cha 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimirira usiku umodzi, ndipo kukonza kunatenga chaka ndi miyezi. Ana anagwa kum'mwera, makilomita mazanamazana kuchokera ku Mzimba, koma owotcherera zitsulo, ometa ndi ogulitsa zozizira pa boma anaumva m'thumba.

Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Mafuta a m'chigawo cha kumpoto ambiri amachokera ku Dar es Salaam, kudzera pa Songwe ndi kukwera zitunda za Chiweta, ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwini chigayo cha dizilo kumidzi ya ku Jenda amadziwa tanthauzo lake popanda kompyuta. Amatuma mnyamata pa njinga yamoto ndi zigubu ziwiri, akapeza mzere pa filing'i siteshoni amagula kwa mavenda pa mtengo wowirikiza, ndipo mawa lake mtengo wogayitsa ndowa ya chimanga wakwera. Amayi ena amabwerera ndi chimanga chawo pamutu. Ngati mwini chigayo uja anatenga ngongole ya chigayocho, wobwereketsa anangomufunsa chikole ndi mboni. Za dizilo ndi za mvula sanafunsidwe.

Zimene amagamula anthu a m'maofesi akutali zimafika kuno mwakachetechete. Kwa zaka zoposa khumi boma lakhala likunena za malo opangira magetsi a malasha a mamegawati 300 pa Kam'mwamba ku Neno, odalira malasha a ku Moatize ndi ngongole ya ku China. Mu Sepitembala 2021 Xi Jinping anauza msonkhano wa United Nations kuti China sidzamanganso makina atsopano a malasha kunja kwa dziko lake. Kam'mwamba sanamangidwebe. Mayiyu sadandaula nazo, chifukwa masamu ake amaonetsa kuti ngongole ya madola yobwezedwa ndi makasitomala olipira makwacha ikanalemera. Chimene chimamuwawa ndi choti mabanki akakana malasha sabwera ndi china m'manja. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo matumba oimikidwa m'mbali mwa msewu wa M1 amanena kumene mitengo ya ku Perekezi ndi ku Viphya ikupita.

Zina zikuyenda. Ku Salima kuli sola ya mamegawati 60 kuyambira 2021, ku Golomoti ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire. Mu 2025 World Bank inavomereza madola 350 miliyoni a damu la Mpatamanga, ngakhale nalonso lili pa Shire yemweyo, zimene kwa wounika ziopsezo ndi nkhawa.

Kum'mwera kwa Mzimba sola yambiri ya m'midzi sinadutse ku banki iliyonse. Inabwera pa ngolo za matiransipota kuchokera ku Joni, pamodzi ndi malata, mabatire ndi mafiriji, italipiridwa ndi malipiro a anyamata a m'magadeni. Mayiyu akufuna mabanki ndi ma SACCO a kumudzi ayambe kuwerengera monga amachitira ku Sandton: pobwereketsa za chigayo kapena mpope wothirira, ayerekeze mtengo wa dizilo kwa zaka zisanu, kwacha itagwanso ndiponso mvula itachedwa, kenako aike pambali pake mtengo wa makina a sola. Pa kuwerengera kwake, chigayo cha dizilo chimatchipa pogula pokha, ndipo chiwongoladzanja chotsika chikuyenera kupita kwa wogula cha sola.