Kachilombo Kozemba Mayeso

M'maphunziro athu a uphunzitsi timauzidwa kuti mayeso amayankha zokhazo zimene wafunsa. Ukafunsa mutu umodzi, sungadziwe ngati mwana anamva mitu inayo. Mfundo yomweyi ndaipezanso pa nkhani ya chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, matenda amene kwathu tinawaona ndi maso.

Malume anga anadwala TB ine ndili Fomu 2. Makina a GeneXpert anaonetsa msanga kuti kachilombo kawo sikamva rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. Koma kuti madokotala adziwe mankhwala ena amene angagwire ntchito, anatumiza makhololo ku labotale ya mumzinda kuti akaweteko kachilomboko. Kachilombo ka TB kamakula pang'onopang'ono, choncho zotsatira zinatenga milungu yambiri. Amalume anachira, koma sindiiwala mmene amayi ankafunsira m'mawa uliwonse ngati kwabwera uthenga.

Kudikira koteroko kumapha. Mu 2006 dziko linamva za ku Tugela Ferry, ku South Africa, kumene odwala 52 mwa 53 amene anali ndi TB yosamva mankhwala ambiri anamwalira, ambiri a iwo zotsatira zisanatuluke n'komwe.

Njira yatsopano ndi yowerenga DNA yonse ya kachilomboko. DNA ili ngati buku lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Buku la kachilombo ka TB lili ndi zilembo pafupifupi 4.4 miliyoni, ndipo asayansi analiwerenga lonse koyamba mu 1998. Chilembo chimodzi chikasintha pa chigawo chotchedwa rpoB, rifampicin amalephera kugwira. Chikasintha pa katG, isoniazid amafooka. Mu 2021 bungwe la WHO linatulutsa ndandanda ya kusintha kotereku, kuti wowerenga DNA azidziwiratu mankhwala amene sangathandize.

Nanga GeneXpert siyokwanira? Makinawa ndi othandiza kwambiri, amapereka yankho pasanathe maola awiri. Koma pa nkhani ya rifampicin amangoyang'ana zilembo 81 za rpoB. Ku Eswatini kunapezeka mtundu wa TB umene kusintha kwake, kotchedwa I491F, kuli kunja kwa zilembo zimenezi. Makina amati kachilomboko kamamva mankhwala pamene sikamva. Wodwala amalandira mankhwala osamuthandiza, n'kubwerera kunyumba akutsokomolera ana ake. Kachilomboko kamakhoza mayeso chifukwa funso loyenera silinafunsidwe. Kuwerenga buku lonse kumatseka mpata umenewu.

Musaganize kuti izi ndi za kunja kokha. Ofufuza a ku Chilumba, m'boma la Karonga, anasunga tizilombo ta odwala kwa zaka zambiri, ndipo DNA yake itawerengedwa inathandiza kuona mmene TB imafalikira pakati pa anthu. Komabe makina owerengera DNA ndi okwera mtengo, amafuna magetsi odalirika ndi anthu ophunzira bwino. Sadzafika pachipatala cha kumudzi mawa.

Anthu ophunzirawo adzachokera m'makalasi athu. Posachedwapa ndidzaima pa bolodi kuphunzitsa Biology, ndipo sindikufuna kuti ana adzaloweze A, C, G ndi T kuti angokhoza MSCE. Ndidzawauza kuti chilembo chimodzi chingasankhe mankhwala amene munthu amwe. Ndidzawauza kuti kudumphadumpha mankhwala kumapatsa mpata tizilombo tolimba kuti tichuluke, n'chifukwa chake wodwala ayenera kumaliza miyezi 6 yonse ngakhale akumva bwino. Ndidzawauzanso kuti ambiri amatenga TB yosamva mankhwala kwa anzawo, osati chifukwa chosasamala, choncho kuwanyoza n'kulakwa.

Mwina pakati pa ana amenewo padzakhala mmodzi amene adzakhale pa makinawo, n'kuwerenga buku la kachilombo m'masiku ochepa, banja la wodwala lisanatope ndi kudikira.