Ulendo wa Panjinga Wolimbana ndi Khansa ku Amereka

Inu alimi amene mumakwera njinga kupita kumsika, tamverani za ulendo umene umachitika m'chigawo cha Massachusetts ku Amereka chaka ndi chaka, kuchiyambi kwa mwezi wa Ogasiti. Dzina lake ndi Pan-Mass Challenge. Anauyambitsa Bambo Billy Starr m'chaka cha 1980, amayi awo atamwalira ndi nthenda ya khansa. Chaka chimenecho okwera anali 36, ndipo anasonkha madola 10,200.

Mukafuna kulowa nawo, choyamba mulonjeza ndalama zimene mudzasonkhe. Apa ndi pamene pali ntchito. Muyenera kupempha kwa abale, anansi ndi anzanu a kuntchito, wina pang'ono, winanso pang'ono, ndipo zikaperewera mudzazitsa ndinu mwini kuchokera m'thumba lanu. Kupalasako nkopepuka poyerekeza ndi kupemphaku.

Njira yaitali ndi ya masiku awiri, pafupifupi mailosi 190, ngati kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Munyamuka Loweruka mbandakucha muli anthu zikwi zingapo. Poyamba ndi zitunda zokhazokha, kenaka dziko litsika kulinga kunyanja yamchere, ndipo mudutsa madimba a tizipatso tofiira totchedwa cranberry. Nyengo yokolola alimi a kumeneko amadzaza madzi m'munda kuti tizipatsoto tiyandame. Ulimi wachilendo ndithu! M'mbali mwa msewu anthu aimirira ndi madzi akumwa, ena atanyamula zikwangwani zokuthokozani. Pamalo ena opumirapo mupeza ana odwala amene akulandira mankhwala, atabwera kudzakuonani. Mukayang'ana pamsana pa mnzanu wa patsogolo, muwerenga maina a abale ake amene anamwalira kapena amene akudwala.

Usiku mugona ku Bourne. Lamulungu kusanache muwoloka mlatho wautali wa pa ngalande ya zombo, nkulowa m'dziko la Cape Cod, lopyapyala, lopindika ngati mkono, nyanja uku ndi uku. Chakumapeto kuli milu ya mchenga ndi mphepo yokankha pachifuwa, miyendo italema kale. Mukaona nsanja yamiyala ya ku Provincetown, dziwani kuti mwafika. Ambiri amabwerera ku Boston pa sitima yapamadzi.

Nanga ndalamazo zimapita kuti? Zimapita ku Dana-Farber, chipatala cha ku Boston chimene chimachiza ndi kufufuza khansa. Mmodzi wa eni dzinalo, Dokotala Sidney Farber, anaonetsa m'chaka cha 1948 kuti mankhwala angathe kubweza khansa ya m'magazi mwa ana, ngakhale kuti poyamba nthendayo inkabwereranso patapita miyezi. Lero ana ambiri odwala nthenda imeneyi amachira m'maiko amene mankhwala ake amapezeka. Kuyambira 2007, ndalama iliyonse imene wokwera wasonkha imafika kuchipatalako yathunthu, pakuti zolipirira ulendowo zimachokera kwina. Pofika 2024, zosonkha zonse kuyambira pachiyambi zinapitirira madola 1 biliyoni.