Ulendo Wanga wa ku Mvera

Mu June 2024 ndidalandira uthenga wochokera kwa mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale ya kumudzi m'dera la Mvera, m'boma la Dowa. Mawu ake adali ochepa: "Atsibweni, bwerani mudzaone ana anga asanalembe mayeso." Koma ine ndidali nditamva kale kwa mayi wake kuti mtsikanayo amatha nthawi akusewera ndi ana pabwalo, ndipo ndivomere pamaso pa awerengi kuti ndidanyamuka ndi mtima wokadzudzula. Mwana amene tidamphunzitsa ndi ndalama za mtedza, angamalandire bwanji malipiro a Boma chifukwa cha phada?

Ndidakwera minibasi ku Lilongwe m'mamawa, chisanu chikuluma zala. Titapitirira Kanengo tidakhotera kum'mawa potsata msewu wa ku Salima. Poyamba dziko lidali la chidikha, minda itakololedwa, ng'ombe zikudya mapesi. Titadutsa pa Chankhungu zitunda zidayamba kuchuluka, ndipo pa Chezi amayi adathamangira m'mazenera ndi mabeseni a tomato, mbatata ndi nthochi. Kuchokera pamenepo msewu ukhotakhota pakati pa mapiri, kutsetsereka pang'onopang'ono kulinga kunyanja. M'makwawa muli nsungwi, koma m'mapiri ambiri mitengo idatha, ndipo m'mbali mwa msewu mudaima matumba a makala, anyamata atakhala pambali pake kudikira wogula. Ndidawayang'ana anyamata amenewo ndi mtima wolemera, pa chifukwa chimene ndichitchule kutsogoloku.

Nditatsika pa Mvera ndidayamba ndapita ku mishoni, pakuti mkulu wa mpingo sangadutse pakhomo pa makolo ake osapereka moni. Pamalo pano ndi pamene Abusa Andrew Charles Murray ndi Abusa T.C.B. Vlok, otumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, adamanga misasa yawo pa 28 November 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere. Moto umene udayatsidwa pano udakafika ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896. Pafupi pomwepo pali phiri la Kaso, pamene Abusa William Murray ndi anzawo, pamodzi ndi makolo athu amene adawathandiza, adagwirirapo ntchito yomasulira Mawu a Mulungu, ntchito imene idatipatsa Buku Lopatulika mu 1922. Kuchokera pano aphunzitsi oyamba adabalalikira m'midzi, munthu mmodzi yemweyo kuphunzitsa kuwerenga pakati pa mlungu ndi kulalika tsiku la Sabata. Dzina la malowa nalonso limaphunzitsa lokha: Mvera. Ndidaima pakhomo pa tchalitchi nkumaganiza kuti ana a masiku ano asowa chinthu chimodzi chokha, ndicho kukhala chete ndi kumvera.

Kabaza adanditengera ku sukulu ija podzera m'njira ya miyala. Ndidapeza mwana wa mlongo wanga ali m'kalasi la Sitandade 6 ndi ana oposa 90, ambiri atakhala pansi, buku limodzi akuonera anayi. Adandilandira mwaulemu, ana adaimirira kupereka moni, ndipo kufikira nthawi yopuma sindidaone cholakwa chilichonse: choko, bolodi, makope, monga tichitira tonsefe. Koma belu litalira kachiwiri iye adati, "Atsibweni, tiyeni panja." Mumtima ndidati, zija tidamva zayamba.

Kuseri kwa kalasi, patsinde pa mtengo wa mango, padali mapu a Malawi ojambulidwa pansi ndi phulusa, kutalika kwake ngati mapazi makumi awiri a munthu wamkulu. Adajambula ndi ana omwewo. Nyanja adaidzaza ndi masamba, mitsinje idali luzi lotambasulidwa, maboma onse 28 adali miyala, ndipo kum'mwera kudaima njerwa zitatu zosanjikizana, ndilo phiri la Mulanje. Panalibe dzina ngakhale limodzi lolembedwa. Ana adakhala mozungulira m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse lili ndi zitsononkho zisanu, zimene adazitcha ng'ombe zawo.

Mphunzitsi adafuula, "Chilapi!" Ana onse pamodzi adayankha, "Nachize!"

"Ndituluka m'nyanja ku Mangochi, ndipumula ku Malombe, ndiyatsa magetsi pa Nkula, ndikathera m'Zambezi. Ndine yani?"

Ndidayembekeza kuona manja m'mwamba ndi kumva phokoso la "Ine, Madamu!" Sikudatero ayi. Magulu adaweramitsa mitu nkumanong'onezana pamene mphunzitsi adali kuwerenga mpaka 20. Atatha adapisa dzanja m'chitini, natulutsa chitsekero cha botolo cholembedwa nambala. Mwana aliyense ali ndi nambala yake, ndipo amene nambala yake yatuluka ndiye ayankhira gulu lake lonse. Adaimirira kamtsikana kakang'ono, kadati, "Shire," ndipo kadayenda potsata luzi kuchokera kunyanja mpaka kutuluka m'malire a dziko. Chilapi china chidati, "Ndidavala chisoti kufikira 1975, kenaka adandivula nkuveka mnzanga wa pakati." Mnyamata wina adakaima pa mwala wa Zomba, nalumphira pa wa Lilongwe. Gulu lolephera lidali kupereka ng'ombe imodzi, monga tinkachitira pa zilapi madzulo kwa agogo, pamene wolephera ankalipira ng'ombe ya pakamwa chabe kuti auzidwe yankho.

Tsono nambala ina idagwera mnyamata wamtali amene adakhala kumbuyo kwa anzake, wa zaka ngati 15, wooneka kuti adabwereza makalasi. Funso lidafuna mtsinje umene ulandira madzi a Lilongwe nukathira m'nyanja m'boma la Salima. Ngakhale anzake adali atamnong'oneza, mantha adamlanda mawu. Adaima chilili, pambuyo pake adayenda nakaponda luzi la Bua, umene uthira m'nyanja ku Nkhotakota. Ndidadikira chiphwete cha kuseka, koma padali zii, pakuti lamulo la masewerawo likuti gulu loseka mnzawo litaya ng'ombe ziwiri. Mphunzitsi adalemba kanthu m'kope lake, nauza mtsikana wa gulu lomwelo kuti amgwire dzanja mnyamatayo ndi kuyenda naye pa Linthipe, uku akutchula dzinalo. Masewera adapitirira, ndipo atatsala pang'ono kutha, mphunzitsi adabweza funso lomwe lija kwa mnyamata yemwe uja. Iye adapita yekha, naponda pa Linthipe, ng'ombe ya gulu lake nibwerera m'khola. Kumwetulira kumene ndidaona pankhope pake kudandilasa mumtima.

Kudandilasa chifukwa cha ichi. Ine ndidayamba uphunzitsi mu 1994, chaka chimene Boma lidachotsa fizi ku pulaimale, ana nakhamukira ku sukulu mpaka chiwerengero chawo chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tidalembedwa ntchito anthu zikwi zambiri osadziwa za uphunzitsi, tidalangizidwa masiku owerengeka, natipatsa makalasi. Chida chimene ndidachidziwa ndi chimene adandiphunzitsa nacho ine, ndicho mkwapulo. Pobwereza masamu ndinkaimiritsa ana pamzere, wolephera nkumtambasulitsa dzanja. Padali mnyamata wina wachete amene adalephera 7 kuchulukitsa ndi 8 masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lachitatulo ndidamkwapula anzake akuseka. Lachinayi sadabwere, ndipo sadabwerenso konse. Patapita zaka zambiri ndidakumana naye akukankha njinga yosenza matumba a makala. Adaimika njingayo, navula chipewa, nati, "Moni Aphunzitsi." Ulemu umenewo udandipweteka koposa chitonzo. Unduna wa Maphunziro udaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo ine ndidataya mkwapulo kalekale, koma pa Mvera ndidazindikira kuti ndidautaya osapeza china choika m'malo mwake, koma kukalipa.

Asanaweruke ana adasewerako phada, koma m'zipinda zake mudalembedwa manambala: 42, 49, 56, 63. Mwana akaponya phale, anzake amfunsa kuti nambala imene phalelo lagwera ibadwa pochulukitsa ziti, ndipo akayankha bwino ndipo alumphe. Ena adakumba timaenje ngati ta nchuwa, nagawa timiyala 56 m'maenje 8 kuti aone ndi maso kuti lililonse lilandira 7. Ndidatembenukira kumbali, pakuti nambala imeneyo ndimaidziwa bwino.

Madzulo, titadya nsima ya nkhwani wotendera, ndidatulutsa mafunso amene ndidabwera nawo, ngakhale ukali wake udali utaphwa. Ndidati, "Mwana wanga, mayeso salembera pabwalo. Mwana adzakhala yekha ndi pepala, popanda womnong'oneza. Kodi sukuwanyenga ana awa?"

Iye adayankha modekha. "Atsibweni, masewerawa timachita kawiri pa mlungu, theka la ola basi, ndipo sindiphunzitsirapo chinthu chatsopano. Chatsopano ndiphunzitsa m'kalasi monga mudaonera. Masewera ndi lichero langa, lopetera kuti ndione mphale ndi gaga. Ndikafunsa m'kalasi kuti mwamva, onse ati inde. Pabwalo mwana sangabisale." Adandionetsa kope lija. Mudali mndandanda wa mafunso amene ana adalephera, ndi zizindikiro za masiku. Funso lolephereka aliphunzitsanso m'mawa mwake, alifunsanso patapita masiku atatu, ndiponso patapita mlungu. Lachisanu lililonse ana alemba mafunso omwewo m'makope, aliyense payekha, ali chete.

Adandikumbutsanso zimene tonse tidamva ku koleji koma ambiri tidazisiya komweko. Mu 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zimene adapeza podziyesa yekha, zoonetsa kuti munthu aiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyamba atangophunzira chinthu, ndi kuti kubwereza motalikitsa nthawi kuchedwetsa kuiwalako. Ofufuza a pambuyo pake adaonanso kuti kudzikakamiza kukumbukira yankho kukhazikitsa chinthu m'mutu koposa kungochiwerenganso kapena kuchimvanso. Amayi athu adadziwa zimenezi osawerenga buku: madzi a pachitsime akhala abwino pamene anthu atungapo tsiku ndi tsiku.

Sadabise zovuta zake. Poyamba ankalola wofulumira kukweza dzanja kuti ayankhe, ndipo ana khumi okha anzeru ndiwo ankasewera, otsalawo nkukhala oonerera. Ankaperekanso masiwiti kwa opambana, mpaka tsiku lina ana adamenyana popita kwawo. Ndipo pamene adaleka mphatso, nabweretsa chitini cha manambala, nasakaniza ochenjera ndi ofooka m'gulu limodzi, kuti wodziwa asapambane pokhapokha ataphunzitsa mnzake. Makolo ena adadandaula kuti adatumiza ana kukaphunzira, osati kukasewera. Iye adawaitana kuti adzaonerere, ndipo bambo wina adalephera kuloza boma la Neno, mwana wake namtsogolera. Phokoso nalo lilipo, ndi chifukwa chake achitira kuseri, kutali ndi makalasi ena.

Usiku umenewo tulo tidachedwa. Ndidakumbukira maganizo anga a pakhomo pa tchalitchi paja, ndipo ndidaona kuti adali operewera. Kumvera ndi chiyambi ndithu, koma mwana akhoza kukhala chete chaka chathunthu osatola kanthu, ife nkumayesa kuti mantha ake ndi ulemu. Timadziwa kuti mbewu idamera pokhapokha tikapita kumunda kukaona, ndipo popita kukaona sitipondereza mmera.

Kwa inu makolo anzanga ndinena ichi. Pa Deuteronomo 6 tilamulidwa kuphunzitsa ana athu mwakhama, tili m'nyumba ndi poyenda panjira pomwe. Ntchito imeneyi sifuna ndalama. Madzulo potong'ola chimanga, muuzeni mwana akuponyereni chilapi cha zimene waphunzira lero, inunso mumponyere chanu, ndipo akalephera musamtche mbuli, mumfunsenso mkuja. Aphunzitsi a Sande Sukulu ndi akulu ampingo anzanga ophunzitsa kalasi, tiyeni tidzifunse ngati ana amene ayankha Katekisma mokweza onse pamodzi angayankhe mmodzimmodzi, ndipo ngati wamanyazi uja tamkonzera njira yoti alakwe popanda kusekedwa. Inu achinyamata amene mukukonzekera mayeso, tsekani kope, funsanani ndi mnzanu, ndipo musathawe funso limene lakugwetsani, pakuti ndilo likufunani koposa.

M'mawa mwake mwana wa mlongo wanga adandiperekeza mpaka pamsewu. Potsazikana ndidamuyankhula monga sindidachitepo ndi kale lonse: "Zikomo Aphunzitsi, mwandiphunzitsa." Iye adaseka mwamanyazi, nandipatsa kathumba ka zitsekero za mabotolo. Minibasi itayamba kukwera mapiri kubwerera ku Lilongwe, tidadutsanso anyamata a makala aja, ndipo ndidawapempherera pamodzi ndi uja wa njinga. Lolemba lotsatira ndidauza ana a kalasi langa kuti aliyense abwere ndi phulusa la kwawo.