Ndaona maselo akuuzana zochita

Anzanga, nkhaniyi sindingaisunge ndekha. Mnzanga wophunzira za zamoyo za m'nyanja anandiitanira ku labu kuti ndikaone mazira a sea urchin, kanyama kobulungira, kaminga thupi lonse ngati kanungu, kokhala m'madzi amchere okha. M'nyanja yathu ya Malawi simungakapeze. Kunena zoona ndinapita monyinyirika. Ndinkati dzira ndi dzira basi.

Nditangoika diso pa maikulosikopu, mayo ine! Kadzira kochepa ngati kamchenga, koonekera mkati ngati dontho la madzi, ine ndikuyang'ana chonchi kafinyika pakati, kagawika, maselo awiri! Kenako anayi, kenako asanu ndi atatu, ndipo atakwana 16 kunsi kwake kunaoneka timaselo tinayi tating'onoting'ono. Mnzanga anati, "Iwe, tiyang'anitsitse timeneto. Ndi tomwe timauza anzawo kuti apange matumbo."

Ndinakana. Selo lilibe pakamwa, lilibe khutu, liuza bwanji linzake? Ndiye anandifotokozera zimene Sven Hörstadius wa ku Sweden anachita m'zaka za m'ma 1930 ndi tisingano tagalasi. Akadula theka lapamwamba la mluza n'kulisiya palokha, linkangokhala kampira kaubweya kopanda matumbo. Koma akamatapo timaselo tinayi tija, matumbo ankamera! Maselo omwe aja, ntchito yasintha chifukwa cha amene ayandikana nawo. Thupi langa linachita tsembwe.

Mawu a maselowa ndi mapuloteni. Kunsi kwa mluza, puloteni yotchedwa beta-catenin imalowa m'katikati mwa maselo n'kudzutsa majini, maselowo n'kuyamba kutumiza uthenga wa Wnt kwa oyandikana nawo. Ina ndi Delta. Iyi siyenda ulendo, imangokhala pakhungu la selo n'kukhudza Notch wa selo loyandikana nalo ngati kupatsana moni wa padzanja, ndipo okhudzidwawo ena amasanduka timaselo tofiira tomwe timaoneka ngati timadontho pa kamwana ka sea urchin. Nodal ndiye amasankha mbali yodzakhala pakamwa. Koma imene yandizunguza mutu ndi BMP. Imapangidwa mbali ya pakamwa komweko, koma kumeneko puloteni ina, Chordin, imaitsekereza, ndiye imakagwira ntchito kutsidya, kumsana. Ophika ali kuno, odya ali uko! Ndinamuuza mnzanga uja abwereze kawiri.

Chikayiko chinatsalabe pang'ono. Mwina ndi mayina chabe a m'mabuku, ndinkatero mumtima. Apo mnzanga anakoka kambale kena, mmene anathiramo mchere wa lithium, njira imene Curt Herbst anayesa kale mu 1892. Lithium amakweza mphamvu ya beta-catenin, maselo ochuluka n'kumva kuti iwonso ndi akunsi. Abale, matumbo m'malo molowa mkati anali atatulukira panja, lendee, ngati thumba la buluku lotembenuzidwa! Ndinakuwa, anthu onse mu labu n'kucheuka.

Nditabwerako patatha masiku atatu, m'mbale yopanda lithium ija timwana tinali tikusambira, timikono tili tobatoba, timafupa tikunyezimira mkati ngati galasi. Timafupa timeneto tachokera kwa ana a timaselo tinayi tija, tomwe ndinationa ndi maso anga tikubadwa.

Chonde, ngakhale nyanja yamchere ili kutali, lembani sea urchin embryo pa YouTube usiku uno, muitane ndi ana omwe. Muwerenge nokha, awiri, anayi, asanu ndi atatu, kenako muyang'ane kunsi.