Kutsanzira Nakamura kunandiluzitsa thumba la mpunga wa azakhali

Anzanga a pamsika, inu amene mumadziwa kuwawa kwa mpamba, ndiloleni lero ndiulule manyazi anga. Azakhali anga amene amagulitsa mpunga mumsika wa Lilongwe akudziwa kale, ndiye palibenso chobisa. Nkhani yake ndi ya chess, masewero aja a mfumu, mfumukazi, mabishopu, akavalo ndi tiasilikali, komanso ya mkulu wina wa ku America dzina lake Hikaru Nakamura, amene sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli malo otchedwa Bwanje.

Ine chess ndinaiphunzira ku sekondale koma inandilowa m'magazi nditagula foni yotha intaneti. Ndipamene ndinamudziwa Nakamura. Mkuluyu ndi grandmaster, dzina laulemu limene bungwe loona za chess pa dziko lonse la FIDE limapereka kwa akatswiri a akatswiri. Kuno kwathu sitinakhalepo naye munthu wa dzina limeneli. Aneba athu a ku Zambia ali naye, Amon Simutowe, amene analilandira mu 2009. Nakamura analipeza mu 2003 ali ndi zaka 15 zokha, msinkhu umene ine ndinali kulira ndi masamu a folomu 2.

Pa intaneti ndiye ndi kwawo. Kumeneko anthu amasewera chess ya mphindi zitatu aliyense, ina ya mphindi imodzi yokha, ndipo nthawi yako ikatha waluza basi, ngakhale utamudyera mnzako zida zambiri. Mpikisano wa Speed Chess Championship wa pa Chess.com anauwina zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo mu 2022 muja anagwetsa Magnus Carlsen wa ku Norway mu fainolo, 14.5 kwa 13.5. Amene mumatsata zinthuzi mukudziwa kuti Carlsen si munthu woti n'kumangomugwetsa.

Kasewero kake ndingakayerekeze ndi venda wa pa depoti, uja amapereka chenji ndi dzanja lamanzere, lamanja likukulunga katundu wa kasitomala wina, pakamwa akuitanira wachitatu, diso lili kwa kondakitala amene sanalipire nthochi. Nakamura amasewera uku akucheza ndi anthu zikwizikwi omuonera, kuwauza zimene mnzakeyo akuganiza mnzakeyo asanaziganize. Akafuna kuwerengera zakutsogolo amachotsa maso pa bolodi n'kuyang'ana kudenga. Kompyuta imalola kuponyeratu chida mnzako asanayende, ndipo iyeyu luso limeneli analimwa ngati phala. Koma chimene chimanditenga mtima kwambiri n'chakuti safa msanga. Zinthu zikamuipira sataya manja, amavundula madzi, kutchera timisampha apa ndi apo, mpaka mnzake uja amene anali kuwina bwinobwino amayamba kukanda mutu, wotchi n'kumuthera. Ndi munthu wonenerera mtengo mpaka wogulitsa atatopa.

Matama alinso nawo. Mu Malichi 2021 iye ndi Carlsen, pa mpikisano wa ndalama, onse awiri anayendetsa mfumu pa kuyenda kwachiwiri, chinthu chimene mwana wophunzira kumene amaletsedwa, n'kumangoibweza uku ndi uku akuseka mpaka masewero anatha osapezeka wopambana. Ine ndinaonera zimenezo kangapo ndipo mumtima ndinati chess ndi imeneyi: liwiro, chipongwe pang'ono, osaopa.

Tsono mu Juni, nthawi yokolola, azakhali anandipatsa mpamba kuti nditsikire kwathu kukawapikulira mpunga kwa alimi a pa sikimu ya Bwanje. Ntchito yake mumaidziwa. Kuyenda khomo ndi khomo, kuuma pa mtengo, kutapa m'kati mwa thumba kuti uone ngati sanasakanize, kenako ku chigayo. Usiku ndinkagona kwa agogo kufupi ndi Mtakataka, m'neti, udzudzu ukuimba kunja, ine ndikumaliza bandulo ndi Nakamura. Pa Golomoti pali munda wathunthu wa mapanelo a sola, koma foni yanga ndinkakatchajitsa pa golosale, tizingoti ndi momwe zilili.

Tsiku lachitatu ndinali pa Golomoti pompo kudikira lole yokwera Khwekhwerere. Ndalama ya thumba limodzi inali idakali m'sokosi chifukwa mlimi wake anandiuza kuti ndibwere madzulo. Pansi pa mtengo panali anthu a bawo monga mwa masiku onse, koma cha pambali panali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, ali ndi bolodi ya chess yothetheka. M'malo mwa kamsilikali kamodzi anaikapo chitsekerero cha botolo. Anati masewerowa anawaphunzira kwa wansembe wina ku Mua ali mnyamata.

"Aphunzitsi, tingayeseko kamodzi?" ndinatero, ndikudzimva.

"Khalani pansi, mwana wanga. Koma ine juga sinditchova."

Iwo sanatchove ndithu. Anatchova ndi mavenda awiri a mpunga amene anali pomwepo, ndipo mmene anafulumirira kusonkha kumbali ya aphunzitsi ndikanayenera kudabwa. Tinayamba ndi K5,000.

Ndinatulutsa mfumukazi pa kuyenda kwachiwiri, kufuna kupha msanga. Nakamura yemweyo anachitapo zimenezi mu 2005 posewera ndi Krishnan Sasikiran wa ku India. Chimene ndinaiwala dala n'chakuti tsiku limenelo analuza. Aphunzitsi sanatekeseke. Wotchi panalibe. Ankasenda mtedza, kuyang'ana bolodi, kutafuna, kuyang'ananso, kenako n'kutulutsa kavalo kuti athamangitse mfumukazi yanga. Ine ndimaponya chida iwo asanachotse dzanja, ngati pali amene akundithamangitsa. Mfumukazi yanga inazungulira bolodi yonse ngati venda wothawa asikari a khonsolo, uku zida zawo zonse zikutuluka mwadongosolo. K5,000 inapita.

Ulendo wachiwiri tinaika K15,000, ndipo apa mpamene pamandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinasewera bwino. Ndinavundula madzi ngati mbuye wanga uja, aphunzitsi anagwa mu kamsampha, ndinawadyera kavalo waulere. Mavenda aja anakhala chete. Ndiye dzanja langa, losazolowera kudikira mutu, linanyamula bishopu. Ali m'mwamba ndinaona kuti bishopu ameneyu ndi amene amatchinga mfumukazi yanga. Ndinamubweza pamalo pake mwakachetechete.

"Mwagwira, mwana wanga. Muyendetseni."

Pa foni chida umatha kuchikoka ndi chala, kusintha maganizo, n'kuchibweza, palibe amene amakuona. Pa bolodi yeniyeni lamulo lake ndi lakuti chimene wagwira ndi cholinga choyenda, uyende nacho. Za ulendo wachitatu musandifunse. Ndinati tibwezeretse zonse pakamodzi, ndipo sokosi inatsala ndi phazi lokha.

Pa lole paja, nditakhala pamwamba pa matumba, ndinakumbuka kuti zimenezi si ine woyamba. Mu 2016 ku Moscow, pa mpikisano wa Candidates umene umasankha munthu wokalimbana ndi ngwazi ya dziko lonse, Nakamura posewera ndi Levon Aronian anagwira mfumu yake, n'kufuna kuisiya. Oyimbira masewero anamuuza kuti ayende nayo, ndipo posakhalitsa analuza.

Tsono poti masiku ano aliyense ali ndi ufulu wolankhula, ngakhale ine woluza kwa munthu wa chitsekerero cha botolo ndinenako pamene grandmaster ameneyu akuperewera. Nzeru si vuto lake. Dziko la America analiwina kasanu, ndipo mu 2023 anawina mpikisano waukulu wa Norway Chess, pa bolodi yeniyeni, m'dziko la Carlsen lomwe. Amene amanena kuti ndi katswiri wa pa kompyuta chabe ndi ansanje. Vuto lake limaoneka tsiku limene mpamba wonse uli pa masewero amodzi.

Onani za mu Julayi 2022 ku Madrid, pa Candidates inanso. Tsiku lomaliza anakumana ndi Ding Liren wa ku China, ndipo kungofanana mphamvu kukanamukwanira kuti akhale wachiwiri. Analuza. Patangopita masabata ochepa Carlsen analengeza kuti sateteza ufumu wake, zimene zinatanthauza kuti woyamba ndi wachiwiri ndi amene akalimbirane mpando. Ding anapita, ndipo mu 2023 anakhala ngwazi ya dziko lonse. Mu Epulo 2024 ku Toronto zinatembenuka: tsiku lomaliza Nakamura ankafunika kugonjetsa Gukesh wa ku India, mnyamata wa zaka 17, koma anafanana mphamvu. Gukesh anadutsa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho analanda mpando kwa Ding ku Singapore. Kawiri konse munthu amene anakhala naye tebulo limodzi tsiku lomaliza ndi amene anakavala chisoti.

Maganizo anga, ndipo mukhoza kutsutsa, ndi akuti intaneti imamuzoloweza munthu kuti kuluza n'kotchipa. Ukaluza umangodina, masewero ena ayamba, pofika m'mawa wawina makumi asanu n'kuiwala asanu amene unataya. Zili ngati geni ya masiwiti ndi machesi, ukabedwa kamodzi umabweza tsiku lomwelo. Koma Candidates ndi lole yathunthu ya mpunga wa ngongole, ndipo mdani wako ali ndi maola oganizira, sangathedwe ndi wotchi, timisampha tako amationa akutafuna mtedza. Chida chachikulu cha Nakamura, chotopetsa anthu ndi liwiro, kumeneko chimachepa mphamvu. Ndikanakhala mlangizi wake ndikanamulanda kompyuta miyezi iwiri mpikisano wotero usanafike. Koma ndikudziwanso kuti sangandimvere, pakuti iye mwini amanena poyera kuti ntchito yake yeniyeni ndi youlutsa masewero pa intaneti, ndipo ndi kumene kumachokera chakudya chake. Inu simungauze munthu kuti atseke benchi yake miyezi iwiri.

Nditafika ku Lilongwe azakhali anawerenga matumba kawiri. Ndinayamba kufotokoza za bishopu wotchinga mfumukazi, iwo anangondiyang'ana.

"Iwe, bishopu wake wa mpingo uti amene wadya mpunga wangayo?"

Loweruka lililonse mpaka ngongole ithe mundipeza pa benchi yawo ndikuyeza mpunga ndi kunyamulira makasitomala, foni ili m'chikwama chawo. Mwezi wamawa akunditumanso ku Bwanje, koma ati ndalama apatsira msuweni wanga wa folomu 3.